Achimwene akufuna kusiya kemo ayambe vitamini D, ndithandizeni

Nabanda wa ku Leeds: Moni nonse pagulu pano. Pepani ndikulemba usiku, ndangoweruka kumene ku shifiti koma tulo sitikubwera. Achimwene anga aakulu amene ali ku Joni anawapeza ndi khansa ya m'matumbo akulu, anawapanga opaleshoni kudula chigawo chimene chinali ndi chotupa, pano ali pa kemo, mankhwala amphamvu opha maselo a khansa. Alandira kanayi ndipo ikuwasautsa koopsa, zala zachita dzanzi, akagwira botolo lochokera mufiriji akuti zikumveka ngati shoko ya magetsi, kudya kulibe. Nde dzulo alamu anga anditumizira voice note ina imene ikuzungulira, munthu wake akuti khansa ya m'matumbo imabwera kamba kosowa vitamini D, ukamamwa wambiri amalowa mpaka mu majini n'kuizimitsa, eti kemo ndi bizinesi chabe. Achimwene agula kale mabotolo awiri, pilitsi limodzi 50,000 IU (IU ndi muyezo wa mlingo wa vitaminiyu), akufuna azimwa tsiku lililonse ndipo akuti Lachinayi sapitanso kuchipatala. Amene mukudziwa za izi chonde, zoona zake ndi ziti?

Malume Phiri: Pepani kwambiri achemwali, Mulungu awakhudze achimwene. Koma ndifunse nawo poti kufunsa n'kudziwa njira, majini akunenedwawa ndi ati? Ife a kale tikamva majini timaganiza za ziwanda.

Chisale wa mu labu: Malume awa ndi majini ena. Ndi tizigawo ta DNA, malangizo amene tinatengera kwa makolo, ndipo ali mu pafupifupi selo lililonse la thupi. Selo la m'diso ndi selo la m'matumbo ali ndi malangizo ofanana ndendende, kusiyana kwake n'koti ili likuwerenga tsamba lina, ilo tsamba lina. Majini ena amakhala oyatsa, ena ozimitsa. Asisi Nabanda, voice note imeneyo yatola kanthu koona n'kukasakaniza ndi bodza lakupha, nde ndiloleni ndiyambe ndi koonako kuti mukamayankhula ndi achimwene musawatsutse zonse, angakutsekereni foni.

Nabanda wa ku Leeds: Fotokozani achimwene ndikuwerenga

Chisale wa mu labu: Dzina loti vitamini limasocheretsa pang'ono, chifukwa ameneyu amagwira ntchito ngati homoni. Dzuwa likamenya khungu thupi limamupanga lokha, koma amakhala asanapse. Amapita kuchiwindi kukasinthidwa koyamba, ndipo ameneyo ndi amene amayeza ku labu akakutengani magazi. Kenako impso zimamusinthanso kukhala calcitriol, amene ndi wogwira ntchito weniweni. Chosangalatsa n'choti maselo a m'matumbo akulu nawonso ali ndi enzyme, puloteni wosintha zinthu m'thupi, yomalizitsira ntchito imeneyi, dzina lake CYP27B1, nde amatha kudzipangira okha calcitriol pompo osadikira impso. Akalowa mu selo amakumana ndi puloteni womulandira, dzina lake VDR. Awiriwa akagwirana amatenga wachitatu, RXR, n'kukakhala pa DNA penipeni, pamalo ake odziwika, n'kuyamba kuyatsa majini ena kuzimitsa ena. Majini ake ndi mazanamazana. Nde mawu oti amalowa mpaka mu majini si bodza ayi.

Mayi a Tadala: Eee thupi ili ndi lodabwitsa. Nde khansayo ikubwera pati

Chisale wa mu labu: Mayi, kakhungu ka m'kati mwa matumbo kamasinthidwa konse pa masiku ngati 5 alionse. Muli timaenje ting'onoting'ono tambirimbiri, pansi pa kadzenje kalikonse pali maselo amene ntchito yawo n'kubereka basi. Ana awo amakwera m'mwamba, akamakwera amasiya kugawanika, amakhwima, amagwira ntchito masiku ochepa kenako amayoyoka n'kutuluka ndi chimbudzi. Amene amalamula kuti gawanikani ndi puloteni wotchedwa beta-catenin. Akakhala m'mphepete mwa selo amathandiza kumanga selo ndi linzake, ali phee. Akachuluka amalowa m'kachipinda kapakati kosunga DNA n'kukayatsa majini ochulukitsa maselo monga MYC ndi cyclin D1. Pali jini lina, APC, ntchito yake kusesa beta-catenin wotsala kuti asachuluke. Pa khansa 10 za m'matumbo akulu, pafupifupi 8 mumapeza APC yawonongeka. Wosesa palibe, nde selo lafika kale pamwamba koma likumvabe kuti gawanika, gawanika. Kamayamba kanjerewere kamene madokotala amati polyp, ndipo pakapita zaka, nthawi zambiri 10 kapena kuposa, kena kamasanduka khansa.

Chisale wa mu labu: Tsono mu 2001 gulu la Alberto Muñoz ku Madrid linathira calcitriol pa maselo a khansa ya m'matumbo amene amawaweta mu labu. Maselo amene anali balalabalala anayamba kugwirana n'kuyalana bwinobwino ngati njerwa pakhoma. Atafufuza anapeza zinthu ziwiri. Jini la E-cadherin linayaka, ameneyu ndi ngati matope omangira pakati pa njerwa, ndipo akachuluka amakokera beta-catenin kumphepete. Komanso VDR mwiniwakeyo amagwira beta-catenin n'kumulepheretsa kuyatsa majini aja. Pambuyo pake anapezanso kuti amayatsa DKK1 amene amatchinga njira yomweyo kuchokera kunja kwa selo, ndipo ma labu ena aonetsa kuti amakweza p21 ndi p27, mabuleki a kugawanika. Ine ndinaziona ndi maso pa maikulosikopu nthawi ya sukulu, mbale ziwiri, ina wathira ina sunathire, pakatha masiku angapo sufunikanso kuuzidwa kuti iyi ndi iti.

Mjoni wa ku Germiston: Nde basitu akulu, mwavomereza nokha. Munthu wa voice note uja akunena zoona. Madokotala akudziwa izi kuyambira 2001 koma akupitirizabe kuthira anthu poizoni chifukwa vitamini D ndi wotchipa sangapangepo ndalama

Chisale wa mu labu: Dikirani achimwene sindinamalize, ndipo gawo lotsalali ndi limene likukhudza odwala athu. Mu kafukufuku yemwe uja munali mitundu iwiri ya maselo ochokera kwa wodwala mmodzi. Ena anali ndi VDR wambiri, amenewo ndi amene anamvera. Ena anali ndi VDR wochepa kwambiri, anawathira calcitriol yemweyo koma sanasinthe. Mu 2004 gulu lomwelo linalemba mu Nature Medicine chifukwa chake. Chotupa chikamakula chimayatsa puloteni wotchedwa Snail, ameneyu amakakhala pa jini la VDR n'kulizimitsa, komanso amazimitsa E-cadherin. Ndiye kuti mlendo wafika pakhomo koma womulandira anathamangitsidwa. Chachiwiri, pali enzyme ina CYP24A1 imene ntchito yake n'kuphwanya calcitriol akamaliza ntchito. Thupi labwinobwino limaigwiritsa ntchito kuti asapyole muyezo, moti calcitriol yemweyo ndi amene amaiyatsa. Koma zotupa zambiri za m'matumbo zimapanga CYP24A1 wochuluka zedi, zina mpaka zimakhala ndi makope owonjezera a jinilo. Nde mukamwa 50,000 yo magazi adzaza inde, koma m'kati mwa chotupa chimene chakula kale akhoza kumangophwanyidwa pakhomo, ndipo wotsalayo alibe pogwira.

Mayi a Tadala: Iii kani khansa imachita kudziteteza chonchi

Anamwino Nangozo: Ndalowa mochedwa ndinali pa night. A Chisale afotokoza za mu labu, ine ndinene za anthu. A Mjoni, si zoona kuti sanayese, ayesa kambirimbiri ndi ndalama zankhaninkhani. Ku America, kafukufuku wa Women's Health Initiative anatsata amayi oposa 36,000 kwa zaka 7, theka akumwa 400 IU ndi kashiamu, zotsatira zinatuluka 2006, khansa ya m'matumbo sinachepe. Anthu anati mlingo unali wochepa. Mu 2015 kunatuluka wina wa anthu oposa 2,200 amene anawachotsapo kale ma polyp, anawapatsa 1,000 IU, ma polyp anabwereranso chimodzimodzi. Kenako kafukufuku wa VITAL, anthu pafupifupi 26,000, mlingo 2,000 IU tsiku lililonse kwa zaka 5, chiwerengero cha odwala khansa sichinatsike. Kwa odwala kale, Kimmie Ng wa ku Dana-Farber ku Boston anatsogolera kafukufuku wa SUNSHINE, odwala 139 amene khansa inafalikira, zinatuluka 2019. A mlingo waukulu anakhala miyezi 13 matenda asanapitirire, a mlingo wochepa miyezi 11. Zinapatsa chiyembekezo nde anapanga wamkulu, SOLARIS, odwala oposa 400, koma mu 2024 analengeza kuti mlingo waukulu sunathandize. Ndipo asisi Nabanda apa ndi pofunika mukawauze achimwene: mu SUNSHINE ndi SOLARIS wodwala aliyense anali pa kemo. Vitamini D anali wongowonjezera. Palibe ngakhale mmodzi anamusiyitsa kemo.

Nabanda wa ku Leeds: Zikomo anamwino, ndikujambula ma screenshot. Nanga 50,000 yo ingawapweteke?

Anamwino Nangozo: Kwambiri. NHS, bungwe la boma la zaumoyo kuno ku UK, imati munthu wamkulu asapyole 4,000 IU patsiku pokhapokha dokotala wamulembera. 50,000 madokotala amapereka inde, koma kamodzi pa sabata kwa masabata owerengeka kwa munthu amene wayezedwa n'kupezeka wotsika. Kumwa 50,000 tsiku lililonse ndi kupyola 4,000 ija ka 12. Vitamini D satuluka ndi mkodzo ngati vitamini C, amasungika mu mafuta a thupi, nde kashiamu amakwera m'magazi, munthu amayamba kusanza, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kudzimbidwa, mutu kusokonekera, mapeto ake impso. Tsono munthu woti akusanza kale ndi kemo, zizindikirozi wina angaziphonye n'kumati ndi mankhwala a kuchipatala. Ndinasamalirapo bambo wina wotero, anabwera atauma ngati nkhuni, mkazi wake atanyamula thumba la mabotolo ogula pa intaneti, tinakhala masiku tikumuthira madiripu kuti kashiamu atsike. Za dzanzi lija, kumva shoko pogwira chozizira kumachitika ndi mankhwala ena a kemo otchedwa oxaliplatin, madokotala amakudziwa bwino. Akawauze momwe zilili osabisa. Amatha kuchepetsa mlingo, kapena kuchotsa oxaliplatin yekhayo n'kupitiriza enawo, ndipo kwa odwala ena a siteji 3 kafukufuku wa 2018 anaonetsa kuti miyezi 3 imakwanira m'malo mwa 6. Woweruza zimenezo ndi dokotala wawo amene waona chotupacho.

Mjoni wa ku Germiston: Chabwino za kusiya kemo ndabweza mawu, pepani asisi. Koma chimodzi chikundivutabe. Ndinawerenga kuti anthu amene vitamini D wawo ndi wotsika amadwala khansa imeneyi kwambiri. Nde ngati kutsika kukudwalitsa, kumwa kukulephera bwanji kuteteza? Sizikugwirizana

Chisale wa mu labu: Funso limeneli ndi limene akatswiri akhala akulimbana nalo zaka zoposa 40. Anayambitsa ndi abale awiri, Cedric ndi Frank Garland, mu 1980, ataona pa mapu a America kuti imfa za khansa ya m'matumbo zinali zambiri kumpoto chakum'mawa kumene dzuwa ndi lochepa kusiyana ndi kumwera chakumadzulo. Ndipo zimene munawerengazo ndi zoona, mu 2019 anaphatikiza magulu 17 a kafukufuku n'kupeza kuti amene vitamini D wa m'magazi mwawo anali pansi pa 30 nmol/L chiopsezo chawo chinali chokwera ndi 31 peresenti poyerekeza ndi amene anali ndi wokwanira. Koma taganizani, ndani amakhala ndi vitamini D wotsika? Munthu wonenepa kwambiri, wosayendayenda, wokhalira m'nyumba, wodwaladwala. Zonsezi pazokha zimayenderanso limodzi ndi khansa imeneyi. Nde kutsikako pena kungakhale utsi chabe, moto uli pena. Chinanso, anthu ambiri amene analowa mu VITAL sanali osowa vitamini D poyamba pomwe. Kuthira madzi mu ndowa yodzaza kale. Komanso mu kafukufuku wa ma polyp uja, atabwerera kukayang'ana majini a anthuwo mu 2017 anapeza kuti zimatengera mtundu wa VDR umene munthu anabadwa nawo, atamwa vitamini D ena ma polyp oopsa anachepa, ena anachuluka. Maganizo anga ine ndi oti ntchito yaikulu ya vitamini D ili koyambirira, pa matumbo abwinobwino kapena ka polyp kakang'ono, Snail asanatseke chitseko, ndipo ili pa munthu amene akusowadi. Chifukwa chake ndimati amene wapezeka wotsika akweze afike pabwino, mafupa omwe amafuna zimenezo. Koma kupyola pamenepo palibe chimene chaonetsa phindu.

Malume Phiri: Ndamva bwino ana anga. Koma izi ndi za inu muli kunjako eti? Ife kuno dzuwa ndi la ulere, mwezi wa October mpaka kuthawira pansi pa mango

Anamwino Nangozo: Malume kwa amene amalima kapena kuweta n'zoona. Ku Tanzania anayeza Amasai ndi Ahadza amene amakhala panja tsiku lonse, anapeza pafupifupi 115 nmol/L, wokwera bwino. Koma mu 2020 Lancet Global Health inasindikiza kafukufuku wophatikiza maiko ambiri a mu Africa, munthu mmodzi pa atatu anali pansi pa 50, makamaka a m'tauni, amayi ndi makanda. Kutuluka m'nyumba m'mawa, minibasi, ofesi, kubwerera dzuwa litalowa. Khungu lakuda limafunanso nthawi yotalikirapo padzuwa kuti lipange wofanana. Mankhwala ena amamutsitsanso, monga rifampicin wa TB ndi efavirenz wa HIV amene ambiri ankamwa asanasinthidwe, poti amafulumizitsa thupi kumuphwanya, koma chonde wina asasiye mankhwala ake chifukwa cha izi. Ife a kuno ku UK nde zathu n'zodziwika, kuyambira October mpaka March dzuwa la kuno silipanga kanthu pakhungu, ndipo malangizo a boma ndi oti a khungu lakuda tizimwa 400 IU chaka chonse.

Nabanda wa ku Leeds: Inenso GP, dokotala wanga wa ku kiliniki, anandipeza wotsika chaka chatha, ndinkangomva kuphwanya m'thupi ndimayesa ndi ma shifiti

Chisale wa mu labu: Malume ndikuwonjezereni kena kamene kamandisangalatsa ine kuposa zonse, poti kakukhudza nsima. Mu 2002 anapeza kuti VDR wa m'matumbo salandira vitamini D yekha. Tikadya zamafuta chiwindi chimatulutsa ndulu yambiri, yotsala ikafika m'matumbo akulu mabakiteriya amaisandutsa ma asidi ena, imodzi mwa iwo ndi lithocholic acid imene imapweteka maselo. VDR amaizindikira asidi imeneyo, n'kuyatsa jini la CYP3A4 loti liisungunule. Ndiye kuti ndi mlonda wa ndulu. Tsono Stephen O'Keefe mu 2015 anatenga anthu akuda 20 a ku Pittsburgh ndi anthu 20 a kumudzi ku KwaZulu-Natal n'kuwasinthanitsa zakudya kwa masabata awiri okha. Aku America anadya za chimanga ndi nyemba, a kumudzi anadya nyama zamafuta ndi zokazinga. Atawaunika m'matumbo, aku America ma asidi oipa a ndulu anatsika, butyrate, asidi wabwino amene mabakiteriya amapanga kuchokera ku zakudya za gaga anakwera, maselo anachepetsa liwiro logawanika. A kumudzi aja zinatembenuka. Masabata awiri. Denis Burkitt amene anagwira ntchito ku Uganda ananena za gaga zomwezi kale m'ma 1970. Nde mgaiwa, nyemba, nandolo, khobwe, nkhwani, musazinyoze.

Malume Phiri: Mgaiwa nde sitinausiye kuno. Ana ndi amene akufuna woyera ndi soseji

Nachisale: Ndakhala ndikungowerenga koma ndilankhulepo. Bambo anga anatisiya ndi matenda omwewa ali ndi zaka 52. Chaka chathunthu ankaona magazi akapita kuchimbudzi, osauza munthu, manyazi. Atanena, aliyense anati ndi mudzi. Anamwa zitsamba, anagula mafuta opaka ku famase, pachipatala china anawapatsa mankhwala a kamwazi kawiri konse osawapima n'komwe. Ndimakumbukira lamba wawo, anachita kuboola mabowo atatu atsopano ndi msomali chifukwa thalauza limagwa, ife tili pompo tikuona koma osaganiza. Pomwe ankawaunika ndi kamera chinali chitafika kale kuchiwindi. Nde ndikamamva za Snail kutseka chitseko ndikuona chaka chimene chija. Asisi Nabanda, achimwene anu chotupa anachotsa, kemo imeneyo ikusakasaka timaselo totsala tosaoneka. Bambo anga mwayi umenewo sanaupeze. Musalole.

Mayi a Tadala: Pepani mwanawe, mzimu wa bambo uuse mumtendere

Anamwino Nangozo: Pepani asisi. Ndipo nonse mumve, magazi m'chimbudzi, chimbudzi kusintha kwa masabata angapo kaya kutsegula kaya kudzimbidwa, kuonda popanda chifukwa, kupezeka ndi magazi ochepa kawirikawiri, pitani ndipo muumirire akupimeni. Mudzi ulipo inde koma munthu akhoza kukhala ndi zonse ziwiri. Si matenda a okalamba okha, Chadwick Boseman anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 43, ndipo ku America anatsitsa zaka zoyambira kuyezetsa kufika 45. Amene muli kuno ndipo NHS inakutumizirani kabotolo koyezera chimbudzi kaja, ndikudziwa ena kali mu dirowa. Asisi Nabanda inuyo makamaka, poti ndi achimwene anu a bere limodzi, kauzeni GP wanu, akuuzani nthawi yoyenera kuunikidwa.

Mjoni wa ku Germiston: Asisi ngati ali mbali ya East Rand ndiuzeni ku inbox, Lachinayi ndili off ndikhoza kuwaperekeza ndi galimoto. Voice note ija ndinaitumizanso ku gulu la kumpingo, ndakaifufuta ndipo ndalemba chifukwa chake

Nabanda wa ku Leeds: Abale ndabwerera. Ndayankhula nawo pa video pafupifupi ola lathunthu. Poyamba anakwiya kuti alamu anandiuza, kenako ndinawawerengera za a Chisale zija za womulandira mlendo, ndi za lamba wa bambo a Nachisale, anakhala chete nthawi yaitali. Akuti chimene chimawaopsa kwenikweni ndi zala, poti ntchito yawo ndi ya mawaya a magetsi ndipo akuopa kuti dzanzi likakhalitsa sadzagwiranso screwdriver, ana adya chani. Anali asanamuuze dokotala chifukwa amaganiza kuti akadandaula awachotsa pa mndandanda. Avomera kupita Lachinayi, atenga mabotolo onse awiri akawaonetse, ndipo apempha ayezedwe vitamini D ndi kashiamu poti anali atamwa kale masiku 6. A Mjoni ndakutumizirani nambala ya alamu, akuti mufike 6 koloko m'mawa mzere umatalika.